Zida zimene wophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta angayambe nazo kuno ku Chigwa cha Shire

Mwana wa mlongo wanga, amene wasankhidwa kukachita maphunziro a zamakompyuta ku yunivesite ina ya boma, anafika kunyumba kwanga ku Nchalo tsiku lina Loweruka madzulo atakolekera chikwama chokhala ndi laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, imene bambo ake anamugulira atagulitsa mbuzi zingapo ku Ngabu. Titalonjerana, anatulutsa pepala long'amba m'kope limene analembapo mayina a mapulogalamu 17, ndipo anati, "Amalume, mundiikireko zonsezi ndisanapite, chifukwa ndaonera pa YouTube kuti munthu wopanda zimenezi sangaphunzire programming." Ndinalandira pepalalo n'kuwerenga mayinawo limodzilimodzi. Panali Android Studio, Visual Studio, Docker, IntelliJ IDEA, PyCharm, XAMPP ndi ena ambiri, onse abwino ndithu pamalo pake. Kenaka ndinayatsa laputopuyo n'kupeza kuti ili ndi RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo) ya 4GB yokha ndi hard disk yakale ija yozungulira, ndipo ndinatenga cholembera n'kuyamba kudula mayina mpaka anatsala awiri, Python ndi Git, ndisanawonjezerepo atatu amene papepalapo panalibe. Nkhope ya mtsikanayo inagwa, ndipo ndinaona kuti mumtima akuti amalume akundimana zabwino.

Mndandanda ngati umenewu umalembedwa ndi anthu amene kwawo magetsi sathima, intaneti yawo siyenda ndi mabandulo, ndipo amagwira ntchito m'zipinda zozizira. Iwo sanama ayi, koma amalankhula za kumene ali. Ine, amene ndakhala zaka zingapo ndikuthandiza achinyamata a ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula kuyamba ntchito imeneyi, ndimafunsa zinthu zitatu pulogalamu isanalowe m'kompyuta ya wophunzira. Ndimafuna kudziwa ngati ingayende pa makina ofooka popanda kuwatenthetsa, ngati ingagwirebe ntchito bandulo itatha, ndiponso ngati ingapulumutse ntchito ya munthu magetsi akathima mwadzidzidzi kapena makinawo akafa.

Nkhani ya kutentha anzathu a kumtunda saimvetsa msanga. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Processor, ubongo wa kompyuta, ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo zikafika poipa imazimitsa makina onse osafunsa kaye ngati mwasunga zimene mumalemba. Pulogalamu yolemera imapatsa processor ntchito yambiri, ntchitoyo imabala kutentha, kutenthako kumachititsa fani kuzungulira osapuma, ndipo zonsezi zimamwa batire imene munkadalira kuti ikufikitsani usiku. Eni ake a Android Studio, a Google, amanena okha kuti pulogalamuyi imafuna RAM yosachepera 8GB, choncho kuiika pa laputopu ya 4GB masana a Novembala kuli ngati kumangirira matumba khumi a chimanga panjinga ya kabaza n'kuiuza kuti ikwere mapiri kuchokera pa Thabwa. Laputopu yanga ndimaikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo a zakumwa kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo mwanayu ndinamuletsa kugwirira ntchito pamatilesi kapena pachitenje, chifukwa nsalu imatseka timabowo topumira.

Chida choyamba ndi chilankhulo chenichenicho cholembera mapulogalamu, ndipo kwa munthu woyamba kumene ine ndimasankha Python. Anachiyambitsa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, ndipo chinatuluka koyamba mu 1991. Ndimachikonda chifukwa wophunzira amalemba mizere yochepa n'kuona zotsatira nthawi yomweyo, asanatopetsedwe ndi zizindikiro zambirimbiri zimene zilankhulo zina zimafuna kuti pulogalamu ingonena moni. Fayilo yoikira Python pa Windows ndi ya mamegabaiti pafupifupi 30, ndipo ikalowa siifunanso intaneti. Poiika pali kabokosi kakang'ono pansi pa tsamba loyamba kofunsa ngati Python iwonjezedwe pa PATH, mndandanda wa malo amene kompyuta imafufuzamo mapulogalamu, ndipo ambiri amakadumpha chifukwa chothamangira batani lalikulu, kenaka n'kumadabwa kuti kompyuta ikukana kuti siidziwa Python pamene aiika okha ndi manja awo. Palinso msampha wa mabuku akale a PDF amene amayendayenda m'magulu a WhatsApp. Ambiri mwa iwo amaphunzitsa Python 2, imene inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, pamene Python 3 inatuluka kale mu 2008. Mukatsegula buku n'kupeza mawu oti print atsatiridwa ndi chiganizo popanda mabulaketi, dziwani kuti bukulo ndi la Python 2, ndipo zitsanzo zake zidzakana kuyenda pa kompyuta yanu. Komabe ndinamuchenjeza mwanayu kuti sukulu iliyonse, kaya ndi MUBAS, MUST, UNIMA kapena Mzuni, ili ndi chilankhulo chimene aphunzitsi ake amayambira, ndipo akanena kuti ndi C kapena Java asakakangane nawo m'dzina la amalume.

Chilankhulo chimafuna polembera, ndipo apa m'pamene ndinawonjezera dzina limene iye anali asanalimvepo, Thonny. Pulogalamuyi inapangidwa pa yunivesite ya Tartu ku Estonia ndi cholinga chimodzi chokha, chothandiza anthu ongoyamba kumene, ndipo imabwera ndi Python yakeyake m'kati, moti fayilo imodzi pa fulashi imakwanira kuikira kalasi yonse popanda bandulo. Ndi yopepuka, ilibe mabatani ambiri osokoneza, ndipo ili ndi chinthu chimene ndimachiyesa chofunika kuposa zokongoletsa zonse, chotchedwa debugger, chimene chimayendetsa pulogalamu pang'onopang'ono, mzere umodzi pa nthawi, uku chikuonetsa pambali zimene dzina lililonse lasunga panthawiyo.

Pofuna kuti aone yekha, ndinamuuza kuti alembe kapulogalamu kowerengera ngongole za banki m'khonde ya mayi ake, imene mamembala ake anagwirizana kuti wobwereka azibweza ndi chiwongola dzanja cha 20 peresenti. Analemba mzere wofunsa ndalama imene munthu wabwereka pogwiritsa ntchito input, lamulo la Python lolandira zimene munthu walemba, kenaka mzere wochulukitsa ndalamayo ndi 0.2. Atayendetsa pulogalamuyo n'kulowetsa 5000, pansi panatuluka mizere yofiira, ndipo iye anachotsa manja pa kiyibodi ngati wagwira mphika wamoto, n'kunena kuti, "Amalume, yawonongeka." Ndinamuuza kuti asatseke kanthu, koma awerenge mokweza mzere womalizira, chifukwa mu Python uthenga weniweni umakhala pansi penipeni, ndipo pamwamba pake pamakhala nambala ya mzere umene wavuta. Anawerenga mwachibwibwi kuti TypeError: can't multiply sequence by non-int of type 'float'. Tinamasulira limodzi kuti kompyuta ikudandaula kuti yapatsidwa zilembo zoti ichulukitse ndi nambala yokhala ndi kadontho. Iye anatsutsa kuti 5000 si zilembo. Pamenepo ndinamuuza kuti ayatse debugger, ndipo pazenera la pambali anaona yekha kuti 5000 wake wazingidwa ndi timakoteshoni, kusonyeza kuti input imalandira chilichonse ngati mawu, ngakhale munthu atalemba manambala okhaokha. Kuti amvetse bwino, ndinamuuza kuti afunse ngongole ziwiri n'kuziphatikiza, ndipo 5000 ndi 3000 zinabala 50003000, ndalama imene banki m'khonde ya mayi ake sinaionepo chiyambire. Anaseka mpaka misozi, kenaka anakulunga input yake m'kati mwa float, lamulo losandutsa mawu otere kukhala nambala, ndipo chiwongola dzanja chinatuluka 1000.0 monga mmene mlembi wa gululo akanapezera ndi cholembera. Phunziro limeneli linatenga mphindi makumi awiri, ndipo sindikhulupirira kuti pulogalamu ina iliyonse mwa zija 17 ikanamuphunzitsa msanga chonchi kuti mizere yofiira si chilango koma ndi kompyuta ikulongosola pamene yakodwa.

Visual Studio Code, imene Microsoft inatulutsa mu 2015, inalipo papepala lake ndipo ndinaidula mongoyembekezera. Ndi chida chabwino chimene ine ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma inamangidwa pa maziko a browser ya Chromium, choncho imadya RAM mofanana ndi browser, ndipo woyamba kumene amathera sabata yathunthu akusankha mitundu ya zilembo ndi kuika ma extension (tizida towonjezera) m'malo molemba code, mizere ya pulogalamu yeniyeniyo. Ndinamuuza kuti adzaiike teremu yoyamba ikatha, ndipo pa Windows akafuna kutsegula fayilo mwachangu Notepad++ imakwanira. Chimene sayenera kuyesa n'komwe ndicho kulemba code mu Microsoft Word, chifukwa Word imapinda timakoteshoni kuti tioneke bwino, ndipo Python siitizindikira tikapindika.

Chida china sichifuna kuikidwa chifukwa chilimo kale m'kompyuta iliyonse, koma ophunzira amachiopa chifukwa ndi zenera lakuda lopanda zithunzi. Pa Windows ndi Command Prompt kapena PowerShell, pa Linux, imene ena amagwiritsa ntchito m'malo mwa Windows, ndi terminal. Munthu ayenera kudziwa kulowa mu foda ndi cd, kuona zimene zilimo ndi dir kapena ls, kupanga foda yatsopano ndi mkdir, ndi kuyendetsa pulogalamu yake polemba python kenaka dzina la fayilo. Izi amaziphunzira madzulo amodzi, ndipo popanda zimenezi sangafike pa chida chimene ndikufuna kukhalitsapo, chomwe ndi Git.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, amene ali konkuno m'boma la Chikwawa pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, moti kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankayaka mosinthanasinthana. Nthawi imeneyo ndinali kulemba pulogalamu yosungira katundu wa m'golosale ya m'bale wanga, pa kompyuta ya patebulo yopanda batire. Kasungidwe kanga kanali kamene ophunzira ambiri amachita mpaka lero. Ndinali ndi foda yotchedwa sitolo, ina sitolo_yatsopano, ina sitolo_yomaliza, inanso sitolo_yomaliza_yeniyeni, ndipo ndikanafunsidwa kusiyana kwake sindikanatha kuyankha. Usiku wina magetsi anathima kompyuta ili m'kati molemba pa disk, ndipo atayaka m'mawa hard disk inangoyamba kulira kuti the, the, the, osadzukanso. Ndinathamangira fulashi imene ndinkakoperapo ntchito, koma sabata yomweyo ndinali nditapita nayo pamalo ena osindikizira mapepala, ndipo inabwerako ndi vayirasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Nditalimbana nayo ndinapezamo ntchito ya miyezi iwiri m'mbuyo, ndipo zonse za pambuyo pake ndinazilembanso kuchokera m'mutu. Chimene chimandiwawa n'chakuti Git ndinkaidziwa, koma ndinkaiona ngati chida cha makampani akuluakulu chimene munthu wolemba yekha kunyumba sachifuna.

Git anailemba ndi Linus Torvalds mu 2005 kuti anthu ambirimbiri amene amakonza Linux azitha kugwira ntchito imodzi popanda kupondana. Mwanayu ndinamufotokozera ndi buku la banki m'khonde lomwe lija. Mlembi wabwino safufuta tsamba la mwezi watha kuti alembepo za mwezi uno, koma pamsonkhano uliwonse amalemba tsiku, amene wapereka ndi amene wabwereka, kotero kuti pakabuka mkangano amatsegula m'mbuyo n'kuona pamene zinasokonekera. Git imachita zomwezo ndi code. Munthu amalemba git init kamodzi kokha mu foda ya ntchito yake, ndipo akafika pamene chinthu chikuyenda bwino amalemba git add ndi git commit, n'kuikapo mawu achidule onena zimene wasintha. Mawuwo akhoza kukhala a Chichewa kapena Chisena, Git ilibe nazo ntchito, bola mwini wakeyo adzawamve pakapita miyezi itatu. Akafuna kuona ulendo wonse amalemba git log, akafuna kudziwa chimene wasintha kuyambira pamene anasunga komaliza amalemba git diff, ndipo akaona kuti zimene wayesa lero zaipitsa zinthu amabwerera ndi git restore. Zonsezi zimachitika m'kompyuta momwemo popanda intaneti, ndipo n'chifukwa chake ndimati chida chimenechi chimatiyenera ife kuposa amene anachipanga. Phindu lina limene ndaliona pa ophunzira n'lakuti amasiya mantha. Amene alibe pobwerera amaopa kukhudza pulogalamu ikangoyenda kamodzi, pamene amene wasunga ndi Git amaigwetsa dala kuti aone chimene chingachitike, ndipo ndi ameneyo amaphunzira msanga.

Koma Git yokhala pa disk yomweyo imene ili ndi ntchito imafera limodzi ndi disk imeneyo, ndipo apa ndinamutsindikira kwambiri. Pamafunika kope lina kutali. Webusaiti ya GitHub, imene inayamba mu 2008 ndipo Microsoft inaigula mu 2018, imasunga ntchito ya munthu ulere, ndipo kuyambira 2019 imalola kusunga mwachinsinsi popanda kulipira. Code ndi zilembo chabe, choncho kutumiza ntchito ya sabata yathunthu ndi git push kumadya bandulo yochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa Facebook, ndipo munthu akhoza kulumikiza laputopu ku foni kwa mphindi imodzi, kutumiza, n'kuzimitsanso. Ife amene tinaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndiponso amene timadziwa mmene anthu a ku Makhanga amathawira ndi zovala za m'thupi zokha Shire ndi Ruo zikasefukira, sitifunika kuuzidwa kuti fulashi yosungidwa m'chikwama chimodzi ndi laputopu si kope lachiwiri ayi. Zinthu ziwiri zimapunthwitsa oyamba kumene pa GitHub. Kuyambira Ogasiti 2021 siilandiranso password wamba potumiza code kuchokera pa terminal, koma imafuna token kapena kiyi ya SSH, makiyi achinsinsi olowa m'malo mwa password, ndipo ndi bwino kukonza zimenezi tsiku limene muli ndi netiweki yabwino. Chinanso n'chakuti chilichonse chimene mwachita commit chimatsala m'mbiri ngakhale mutachifufuta pambuyo pake, choncho password, kapena mayina a anthu a m'banki m'khonde ndi ngongole zawo, zisalowe mu ntchito yoonekera kwa aliyense.

Wolemba mapulogalamu amathera nthawi yambiri akuwerenga kuposa kulemba, ndipo kwa ife funso ndi loti awerenga chiyani bandulo ikatha pa 20 mwezi usanathe. Python ili ndi mabuku ake ofotokoza chilichonse amene munthu akhoza kukopa kamodzi pa webusaiti yake n'kumawatsegula mu browser popanda intaneti, ndipo m'kati mwa Python momwemo muli help, imene ukaipatsa dzina la chinthu imakuuza kagwiritsidwe ntchito kake. Ndinamuikiranso Zeal, kapulogalamu kamene kamasunga mabuku otere a zilankhulo zambiri pamalo amodzi n'kumafufuzamo mwachangu. Amene ali ndi malo okwanira pa disk angaonenso Kiwix, imene imasunga Wikipedia ndi mawebusaiti ena kuti aziwerengedwa popanda netiweki, ngakhale kuti mafayilo ake ena ndi aakulu kwambiri moti amafuna Wi-Fi ya kusukulu. Ndinamuphunzitsanso chizolowezi chimene chatithandiza kwambiri kuno, chakuti mmodzi akapeza intaneti yabwino akopere onse. Lamulo la pip download limatenga ma library a Python, code yolembedwa kale ndi ena yoti mugwiritse ntchito, n'kuwasunga mu foda, ndipo foda imeneyo ikayenda pa fulashi anzake amaika popanda kugula bandulo.

Browser imene ili kale m'kompyuta, kaya ndi Firefox kapena Chrome, ndi chida chokwanira kuyambira HTML, CSS ndi JavaScript, chifukwa munthu akadina F12 amaona mafupa a tsamba lililonse n'kumayesa kusintha. Pa nkhani ya database, mosungira zinthu mwadongosolo ngati kaundula, ndinadula XAMPP n'kuikapo DB Browser for SQLite. SQLite, imene D. Richard Hipp anatulutsa mu 2000, imasunga database yonse mu fayilo imodzi popanda server yoyenda kumbuyo n'kumadya RAM, ndipo imabwera kale m'kati mwa Python. SQL, chilankhulo chofunsira database, imene munthu angaphunzire pamenepo ndi yomweyo imene adzaipeze pa ma database akuluakulu monga MySQL kapena PostgreSQL, kupatula tina ndi tina.

Laputopu ya mwanayu inali ndi Windows 10, imene Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akale amene amagulitsidwa m'misika yathu sakwanitsa zofunika za Windows 11. Njira imene ndimalimbikitsa pa makina otere ndi Linux yopepuka monga Linux Mint ya Xfce kapena Lubuntu. Zonse ziwirizi zinachokera ku Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Linux imayenda bwino pa RAM yochepa, vayirasi ya ma shortcut ija siigwira, ndipo munthu akhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi asanafufute kanthu. Komabe sindinamuchotsere Windows usiku umenewo, chifukwa sindifuna kuti akafike kusukulu n'kupeza kuti mphunzitsi akufuna pulogalamu ya Windows yokha, iye n'kuyamba kulimbana ndi makina m'malo mwa maphunziro. Ndinauza bambo ake kuti akapeza kangachepe, ndalama yoyamba ipite pa SSD yolowa m'malo mwa hard disk yozungulira ija, yachiwiri pa kuwonjezera RAM, chifukwa SSD imadzutsa laputopu yokalamba ndipo ilibe ziwalo zoyenda zoti ziwonongeke ndi mabampu a m'minibasi. Ndinamuletsanso mapulogalamu obedwa amene anyamata ena amaika m'makompyuta pamtengo wozizira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ambiri mwa mapulogalamu oterewa amabwera ndi mavayirasi, pamene mapulogalamu onse amene ndalimbikitsa pano ndi aulere mwalamulo.

Si onse amene ali ndi mbuzi zogulitsa. Achinyamata ambiri amene amabwera kwa ine ali ndi foni ya Android yokha, ndipo ndimawauza kuti asadikire laputopu. Pydroid 3 imayendetsa Python pa foni, ndipo Termux, imene ndi bwino kuitenga ku F-Droid, malo otengerako mapulogalamu aulere a Android, imapereka terminal ya Linux mmene munthu angaikemo Python ndi Git zomwe. Kulemba code ndi zala ziwiri pagalasi la foni n'kotopetsa, koma kiyibodi wamba ya USB yolumikizidwa ndi kachingwe ka OTG imasintha zinthu kwambiri, ndipo foni imadzaza ndi kasola kakang'ono kamene laputopu sikangaidzutse n'komwe. Mnyamata wina wa ku Bangula anaphunzira ma loop ndi ma function onse mwa njira imeneyi, foni ataitsamiritsa ku chitini cha shuga, ndipo tsiku limene anakhala pa kompyuta yeniyeni chimene chinamuvuta ndi mouse yokha. Kwa ana a ku pulayimale ndi a fomu 1 pali Scratch ya ku yunivesite ya MIT ku America, ya mu 2007, imene imaphunzitsa kaganizidwe komweko ndi timabokosi tolumikiza, ndipo ili ndi mtundu woyenda popanda intaneti. Magetsi akathima n'kutheratu batire, kope ndi pensulo zimagwirabe ntchito. Kulemba pulogalamu papepala n'kuiyendetsa ndi mutu, uku ukulemba patebulo mmene dzina lililonse likusinthira, ndi debugger yomwe ija, ndipo mayeso ambiri amalembedwa motero.

Anandifunsanso za ChatGPT, imene yakhala pakamwa pa ophunzira kuyambira pamene inatuluka mu Novembala 2022. Sindinamuletse, chifukwa ndikudziwa kuti akanangovomera pamaso panga n'kukaigwiritsabe ntchito, ndiponso imathandiza ndithu kumasulira uthenga wa error umene Chingerezi chake chavuta. Ndinangomupempha kuti asanaifunse aziyamba wawerenga yekha mzere wofiira uja, wayendetsa debugger, ndipo walemba m'kope chimene akuganiza kuti chavuta. Zida zimenezi nthawi zina zimapereka code yolakwika molimba mtima ngati yolondola, ndipo amene sanaphunzire kuwerenga code alibe poizindikirira. Ndaonapo wophunzira atabweretsa pulogalamu ya mizere 80 yoyenda bwinobwino, koma nditamufunsa kuti asinthe chiwongola dzanja kuchoka pa 20 kufika pa 15 peresenti, anasowa pogwira.

Tinamaliza kuika zonse nthawi itadutsa 10 koloko usiku, ndipo zinatenga malo ochepa kwambiri pa disk kuyerekeza ndi Android Studio yokha. Asananyamuke anachita commit yake yoyamba ya kapulogalamu ka banki m'khonde, ndipo uthenga wake analemba kuti "ndakonza 50003000". Patapita masabata atatu chiwolokereni mlatho wa Kamuzu kupita kusukulu, anandiimbira foni madzulo n'kunena kuti, "Amalume, kuno ayamba ndi C, ndiye Thonny uja nditani naye?" Ndinamuuza kuti amusiye pomwepo chifukwa adzamufunabe, aike Code::Blocks imene imabwera pamodzi ndi compiler ya MinGW, yomasulira code ya C kuti kompyuta iiyendetse, ndipo asankhe fayilo yokhala ndi mawu oti mingw m'dzina lake, chifukwa inayo ilibe compiler ndipo idzangomuyang'ana. Ndinamufunsa ngati ntchito ya sabata imeneyo waitumiza ku GitHub, ndipo anayankha kuti token inamuvuta koma mnzake wa m'chipinda wamuthandiza, tsopano mafayilo atatu a C ali kumeneko pamodzi ndi ngongole za mayi ake, mayina atawachotsa.